Mamendulo a agogo anu, yang'anani m'mphepetemo kaye

Achemwali ena a kwa Kamwendo ku Mchinji andilembera imelo kuti pokonza m'nyumba ya malemu agogo awo aamuna apeza mamendulo atatu m'thiranki, okulungidwa m'kansalu, awiri ooneka ngati nyenyezi, ina yozungulira. Akufunsa ngati ndi aja amapatsa munthu chifukwa cholimba mtima kunkhondo, komanso akuti pali mkulu wina akuvutitsa kuti amugulitse.

Achemwali, ndisakunamizeni, mamendulo ambiri amene ali m'mathiranki m'midzi mwathumu si a kulimba mtima ayi, ndi ongosonyeza kuti munthuyo anakafikako. Agogo anuwo ayenera kuti anali a Keyala, King's African Rifles, ndiye ngati pa nyenyezipo palembedwa Burma Star ndiye kuti anakamenya nkhondo ndi Majapani ku Burma, cha m'ma 1944 asilikali athu anali kumeneko m'matope ndi mvula yosakata. Yozungulirayo ngati ili ndi mutu wa mfumu George VI, kuseri kuli mkango, imeneyo ndi War Medal ya 1939 mpaka 1945 ndipo analandira anthu miyandamiyanda. Koma musati ndanyoza, kuchoka ku Mchinji mpaka kukwera sitima ya pamadzi osadziwa ngati udzabwerako si masewera.

Ya kulimba mtima imadziwika chonchi: itembenuzeni, Military Medal kuseri kwake analemba kuti For Bravery in the Field, ndipo m'mphepete mwakemo anadindamo nambala, udindo ndi dzina la mwini wake. Mukapezamo dzina la agogo ndiye mwagwira chinthu chachikulu.

Chomwe chimandiwawa ine nchakuti mendulo yotereyi simangobwera poti munthu wachita chamuna, pamafunika bwana akuone, alembe lipoti, akuluakulu avomereze. Ndiye ganizani nthawi ya atsamunda wolembayo anali ndani. Mendulo yapamwamba kwambiri ya Angerezi, Victoria Cross, inayamba mu 1856, ndipo Mngerezi wina wotsogolera asilikali, Alexander Cobbe, anailandira pa nkhondo ya ku Somaliland mu 1902 ali ndi asilikali a kuno kwathu, mpaka lero baraki ya ku Zomba ija ndi Cobbe Barracks. Nanga anyamata amene anali naye pamoto pomwepo, mayina awo ndani akuwadziwa? Palibe msilikali wakuda wa Keyala ngakhale mmodzi amene anapatsidwa Victoria Cross.

Masiku ano zinasinthako. Private Chancy Chitete wa Malawi Defence Force anafera ku Congo mu Novembala 2018 kufupi ndi tauni ya Beni ali pa ntchito yosungitsa mtendere ya bungwe la United Nations (UN), anathamangira kukakoka mnzake wa ku Tanzania amene anavulala zipolopolo za zigawenga za ADF zikuvumba, mnzakeyo anapulumuka koma iye anaomberedwa. Mu Meyi 2019 António Guterres, yemwe anali mkulu wa UN, anapereka mendulo yotchedwa Captain Mbaye Diagne kwa mkazi wa Chitete ku New York, ndiyo yapamwamba ya UN pa kulimba mtima. Mwini wake sanaione nkomwe, anailandira ndi namfedwa.

Ndili mwana kuno ku Kasungu kunali madala ena olondera pasitolo, Novembala, mwezi wokumbukira asilikali omwe anafera kunkhondo, ikakwana ankavala jekete lothothoka m'khosi ndi timamendulo tawo pachifuwa, nsapato atapolisha mpaka kudziona nkhope, ife nkumangoseka kumbali. Pano ndikakumbuka ndimachita manyazi, sindinawafunseko ngakhale funso limodzi.

Za mkulu wogulayo, mukaneni. Mamendulo opanda dzinawa ndalama yake ndi yochepa, ndipo ikakhala ya dzina ndiye adzakupatsani ya sopo iye nkukadya bwino kunja. Musawakweche ndi mchenga kapena phulusa ngati mapoto, riboni ngakhale yasuluka musaitaye chifukwa mitundu yakeyo ndi imene imanena kuti ndi mendulo yanji. Ajambuleni mbali zonse ndi m'mphepetemo munditumizire pa WhatsApp, komanso ngati azakhali aakulu alipo akakuuzeni zomwe madalawo ankakamba akakhala pamoto.