Pamanja ndapeza 45, Excel ikuti 46.5: walakwitsa ndani?

Mphunzitsi wina watitumizira imelo. Akuti anawerengera quartile yoyamba ya malikisi a ophunzira 8, omwe ndi 35, 42, 48, 55, 60, 67, 74 ndi 90, ndipo pamanja anapeza 45 pomwe Excel inawapatsa 46.5.

Aphunzitsi, palibe walakwitsa. Quartile yoyamba, Q1, ndi percentile ya 25: malire amene amasiya gawo limodzi mwa magawo anayi a malikisi pansi pake. Vuto ndi lakuti malirewo akugwera pampata wa pakati pa 42 ndi 48, ndipo akatswiri sagwirizana pa malo enieni oima mumpatamo. Mu 1996, akatswiri awiri a ziwerengero, Hyndman ndi Fan, anasonkhanitsa njira 9 zowerengera zimenezi.

Inu munagawa mndandanda pawiri n'kutenga pakati pa 35, 42, 48 ndi 55, pamene pali 45. QUARTILE ya Excel, yomwe ndi chimodzimodzi ndi QUARTILE.INC, imayamba yapeza malo: (8 − 1) × 0.25 + 1 = 2.75. Ndiye imaima pa nambala yachiwiri, 42, n'kuyenda 0.75 ya mtunda wa 6 wopita ku 48. Yafika pa 46.5. Mukalemba QUARTILE.EXC, njira ina ya mu Excel momwemo, malowo amakhala (8 + 1) × 0.25 = 2.25, yankho n'kukhala 43.5. Ku quartile yachitatu, Q3, yomwe ndi percentile ya 75, nakonso n'chimodzimodzi: 70.5 pamanja, 68.75 ndi INC, 72.25 ndi EXC. Median, nambala ya pakati penipeni pa mndandanda, ndiyo yokha sisuntha, njira zonsezi zikupereka 57.5.

Kusiyanaku kumaonekera kwambiri ophunzira akakhala ochepa. Akachuluka, mipata ya pakati pa malikisi imachepa ndipo mayankho amayandikana. Chofunika n'kusankha njira imodzi, kuilemba pa lipoti, ndi kusaisintha teremu ikubwerayi, chifukwa mukafananitsa Q1 ya INC ndi ya pamanja mudzaganiza kuti kalasi yakwera kapena yatsika pomwe sinasunthe. Pophunzitsa ana okonzekera mayeso, tsatani njira ya m'buku lawo.

Pali zolakwika ziwiri zenizeni zofunika kusamala nazo. Choyamba ndi kuwerengera pamanja musanasanje malikisi kuyambira ochepa mpaka ambiri. Excel imasanja yokha, inu simungalumphe sitepe imeneyi. Chinanso ndi kusokoneza percentile ndi peresenti. Mwana akakhala pa percentile ya 75, sizitanthauza kuti wakhoza 75 pa 100. Waposa pafupifupi anzake atatu mwa anayi alionse, ndipo mayeso akavuta akhoza kufika pamenepo ndi malikisi 40 okha.