Mafunso a Awerengi: Kuphunzitsa Kotsata Zimene Mwana Angathe Kuchita

Funso: Akonzi, ndimaphunzitsa Sitandade 4 pasukulu ina ku Kawale, mumzinda wa Lilongwe. Alangizi a zamaphunziro amatiuza kuti ana azisonyeza luso, osati kungoloweza. Kodi zimenezi zingatheke bwanji m'kalasi lodzaza ngati langa? Mphunzitsi, Kawale.

Yankho: Aphunzitsi, m'kaphunzitsidwe kameneka phunziro limayesedwa ndi zimene mwana angathe kuchita yekha likatha, osati kuchuluka kwa masamba amene inu mwamaliza. Si zachilendo kwathu kuno, chifukwa silabasi ya pulayimale imene bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi linakonza, yomwe inayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2007, inatsamira pa zotsatira za kuphunzira ndiponso kuyesa ana mosalekeza.

Tiyerekeze kuti mukuphunzitsa za ndalama. M'malo molemba masamu khumi pabolodi, konzani kagolosale pakona ya kalasi pogwiritsa ntchito mabokosi a machesi, mapepala a sopo ndi ndalama zodula papepala, kenako mwana mmodzi agule katundu wa K650 n'kupereka K1,000, mnzake abweze chenji. Wobweza K350 osakayika wasonyeza lusolo. Wolephera mumuthandizenso mawa lake, ngakhale ndondomeko yanu ya ntchito ikukuthamangitsani.

Kuchuluka kwa ana ndi vuto lenileni, ndipo sitikunamizani kuti magulu amalithetseratu. Komabe agaweni m'magulu, tsiku lililonse muonetsetse gulu limodzi kapena awiri, n'kulemba m'kope mayina a amene akwanitsa ndi amene akuvutikabe, kuti pakutha pa sabata mukhale mutaona mwana aliyense akuchita ndi manja ake.