Achemwali, "give me" ndiye angakupezetseni mavuto

Mwafunsa za mawu aulemu a Chingerezi oti muwadziwe musanayambe ntchito yosamalira okalamba ku UK. Mawuwo ndi ochepa ndipo munawaphunzira kale ku pulayimale. Chimene chimatigwetsa ife n'chakuti ulemu wathu umakhala m'kati mwa mawu enieniwo. Mukati "ndipatseni", ka "-ni" kaja kagwira kale ntchito, ndipo "inu" si "iwe". Chingerezi cha lero chilibe zimenezi. Kalekale "thou" anali iwe, "you" anali inu (mu Baibulo la King James la 1611 "thou" adakalimo), koma pano khanda ndi agogo onse ndi "you".

Ndiye mukatembenuza "ndipatseni thaulo" n'kuti "give me the towel", inu mumtima mwalemekeza, koma mnzanuyo wamva kuti mukumulamula. Anthu a ku UK pempho lawo amaliveka ngati funso: "could you pass me the towel, please?" Ndipo "please" musamuyese "chonde". Kwathu chonde timanena zinthu zikafika povuta, iwowa amanena ngakhale pogula buledi. Mukamusiya amazindikira msanga, koma sakuuzani. Mungoona nkhope zasintha.

Zikomo wathu amagwira ntchito zambiri, uko zinagawidwa. Pothokoza ndi "thank you", kapena "cheers" kwa anzanu apantchito. Podutsa pakati pa anthu ndi "excuse me". Simunamve bwino? "Sorry?" kapena "pardon?", osati "what?"

Mawu oti "pepani" ndiye anandichititsa manyazi sabata yanga yoyamba ku UK. Agogo ena anagwetsa kapu ya tiyi, ine n'kuthamanga, "sorry, sorry!" Anandiyang'ana modabwa n'kundifunsa kuti ndikupepesa chiyani poti sindine ndagwetsa. Kwa iwo "sorry" yekhayekha pamalo otere amamveka ngati mukuvomera kulakwa. Pomvera munthu chisoni amati "oh dear, are you okay?", nkhani ikakhala yoipa "I'm sorry to hear that", pa maliro "I'm sorry for your loss". Chodabwitsa, anthu omwewa mukawaponda phazi m'basi ndi iwo amayamba kunena "sorry".

Samalaninso ndi "would you mind closing the window?" Akufunsa ngati zikuvuteni, choncho povomera mumati "not at all". Mukati "yes" mwakana. "You alright?" ndi moni chabe, sanakuoneni kuti mukudwala, yankhani "yeah, you?" n'kumapitiriza ntchito.

Chimene mpaka lero chimandilemera pakamwa ndi kutchula munthu wamkulu ngati agogo anga dzina lake loyamba, popanda ngakhale "a" kutsogolo. "Mama" kapena "granny" ambiri sakondwa naye, amati mukuwakalambitsa. Tsiku loyamba ingofunsani kuti "what would you like me to call you?" Ena akuuzani dzina loyamba, ena afuna "Mrs" ndi dzina la banja.