Kodi "recall" ndi kukumbukira kapena kuchotsa munthu pampando?

Bambo wina wogwira ntchito m'golosale ku Limbe wanditumizira imelo. Akuti kusukulu anaphunzira kuti "recall" ndi kukumbukira. Koma abwana awo awauza kuti atsitse katundu wina pashelefu, ati pali "recall", ndipo pa wailesi amamva anthu akufuna "recall" ya aphungu. Funso lawo ndi lakuti, kodi aphunzitsi anawasokeretsa?

Achimwene, aphunzitsi anu sanalakwe. Mawuwa mukawang'amba pakati mupeza "re", kubwereza kapena kubwerera, ndi "call", kuitana. Paliponse mwawapeza, dziwani kuti pali chinthu chimene chinachoka ndipo chikuitanidwa kuti chibwerere.

Mboni kukhoti ikati "I don't recall", ikunena kuti yayesa kuitana nkhaniyo m'mutu koma sikubwera. Apa akufanana ndi "remember", ngakhale sangalowe paliponse. Potuma mwana shuga mumati "remember to buy sugar". Mukaikapo "recall" Chingerezi chathyoka.

Za m'golosale mwanuzo ndiye ndikupempheni muzitenge mozama. Kampani ikazindikira kuti katundu wake angavulaze anthu, imamuitanitsa kuchoka m'mashopu ndi m'makomo momwe. Mu Malichi 2018, ku South Africa anabweza poloni ya Enterprise atapeza kuti ikufalitsa matenda a listeriosis, amene anapha anthu oposa 200. Samsung nayo mu 2016 inaitanitsa mafoni a Galaxy Note 7 chifukwa mabatire ake ankayaka moto. Ndiye katoni mwatsitsayo musamutsitse mtengo kuti atuluke msanga, musatengerenso ana kunyumba poona kuti paketi ikuoneka bwinobwino. Zoopsa zake sizioneka ndi maso.

Ku ndale mawuwa amaluma. Boma likakwiya ndi dziko lina limaitanitsa kazembe wake, imeneyo ndi "recall". Chipani cha ANC cha ku South Africa chinachita zomwezo kwa Thabo Mbeki mu 2008 ndi kwa Jacob Zuma mu 2018, onse nkutula pansi upulezidenti. Koma kumeneko choitana chinali chipani. Zimene mumamva pa wailesizo ndi zina: Malamulo a dziko lathu a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu ovota mphamvu yobweza phungu wawo nthawi yake isanathe. Aphungu analichotsa mu 1995, lisanagwire ntchito nkamodzi komwe. Ine zimandiwawa ndithu, chifukwa mwini mphamvu yoitana anali mayi wa kumudzi uja amene anaima pamzere dzuwa lili pamutu, ndipo amene anamulanda ndi omwe anawatumawo.