A Parkinson-wo ndi ndani?

Funso: Ndikuphunzira za unamwino kuno ku Mzuzu. Tsiku lina ku casualty ndinauza gadiyani kuti agogo ake ali ndi matenda a Parkinson, iye n'kundifunsa kuti a Parkinson-wo ndi ndani ndipo awapatsira bwanji poti sadziwana. Mayina ngati awa tiziwanena bwanji mu Chichewa? Wophunzira, ku Luwinga.

Yankho: Achemwali, gadiyaniyo Chichewa chake chili bhobho, musamuseke. Ife tikati matenda a Gondwe ndiye kuti a Gondwe ndi amene ali gone, ka "a" kameneka kamasonyeza mwini wake, kuwonjezera apo kamamvekanso ngati kaulemu kaja timati a Phiri, a Nyirenda, ndiye munthu asaganize bwanji kuti pali mkulu wina wabweretsa nthendayi. Chonsecho James Parkinson anali dokotala wa ku London amene anangolemba za nthendayi mu 1817. Muziti matenda otchedwa Parkinson, kenako pompo nenani zimene amachita: manja kunjenjemera, thupi kuuma, kuyenda mokoka miyendo, komanso kuti sapatsirana.

Azungu amakonda kutcha nthenda dzina la woitulukira, pomwe ife timayang'ana zimene ikumuchita munthu. Onani bilharzia, dzinalo likuchokera kwa Theodor Bilharz, dokotala wa ku Germany amene anapeza tinyongolotsi take ku Cairo mu 1851, koma mayi wa ku Nkhata Bay alibe nazo ntchito zimenezo, amangoti mwana ali ndi likodzo basi, ndipo aliyense wamva kale kuti vuto lili pokodza. Khate nalonso m'mabuku mupeza dzina la Hansen wa ku Norway, amene anaona kachilombo kake mu 1873. Pamene dzina lathu lilipo kale ngati apa, ine sindiona chifukwa chovutikira ndi la eni ake.

Pangozi ndiye mayinawa amataitsa nthawi heve. Munthu watsamwa ndi nyama pamaliro ku Chibavi, sakutha kulankhula kapena kutsokomola, inu muzikuwa kuti mupangeni Heimlich, akumveni ndani? Henry Heimlich anali dokotala wa maopaleshoni wa ku America, njirayi anailemba mu 1974, zimenezo sungirani mayeso. Pamalopo nenani zochita: imani kumbuyo kwake, mukumbatireni, ikani chibakera pamwamba pa mchombo, gwirizani ndi dzanja linalo, kokerani kwa inu mokweza mwamphamvu mpaka chinthucho chituluke. Mawu ndi ambiri inde koma munthu amva, ndipo kuno ku Mzuzu ngati Chitumbuka ndi chimene chimveke msanga, chitani chomwecho.

Chenjeraninso, si dzina lililonse la munthu. Glasgow Coma Scale ija yoyezera munthu wokomoka, Glasgow ndi mzinda wa ku Scotland, sikeloyi inatuluka mu 1974 ndipo lero mumawerenga kuyambira 3 mpaka 15, poona ngati wodwala akutsegula maso, akuyankha, akusuntha. Kwa abale ake ingonenani kuti tikuyeza mmene wakomokera. Pomwe Apgar, sikelo yoyezera thanzi la ana obadwa kumene, ndi dzina la munthu, mayi ndithu, Virginia Apgar, ndiye osamati bambo Apgar pamaso pa alekichara.

Polemba, dzina la munthu lisiyeni mmene mwini wake ankalembera. Mukalemba Hayimuliki mnzanu wa shifiti ya usiku sakalipeza m'buku lililonse.