Funsani Tikuyankheni: Euler, Cauchy ndi anzawo timawatchula bwanji?

Funso: Akonzi, ndine mtsikana wa chaka choyamba ku Chanco ndipo ndimakhala ku Chikanda. M'phunziro la calculus timakumana ndi mayina monga Euler, Leibniz, Cauchy ndi L'Hôpital. Pagulu lathu lowerengera limodzi ena amati "Yula", ena "Eula", mpaka timatsutsana. Katchulidwe koyenera ndi kati?

Yankho: Achemwali, musanatchule dzina lililonse mwa amenewa, yambani mwafufuza chiyankhulo cha mwini dzinalo. Mabuku athu a masamu ndi a Chingerezi, choncho pakamwa pamathamangira kuwerenga zonse mwachingerezi. Pa Newton, Taylor ndi Maclaurin palibe vuto: Nyutoni, Teila, Maklorini. Koma ambiri amene anakuza calculus ankayankhula Chijeremani kapena Chifalansa, ndipo malembo awo amamveka mosiyana ndi mmene tinazolowera.

Tiyambe ndi amene mukukanganirana. Leonhard Euler anabadwira ku Basel, m'dziko la Switzerland, mu 1707, kudera loyankhula Chijeremani. M'Chijeremani eu amamveka oi, choncho dzinali ndi "Oila". Amene amati "Yula" asokonezeka ndi Euclid, Mgiriki wakale uja, yemwe Angerezi amamutchula "Yuklidi".

Malamulo ena a Chijeremani ndi ochepa ndipo sasinthasintha. Malembo ei amamveka ai, pamene ie amamveka i wokoka. Lembo z ndi ts ngati wa m'mawu oti tsamba, ndipo w ndi v. Gottfried Leibniz, amene anasindikiza njira yake ya calculus mu 1684 natisiyira chizindikiro cha dx, ndi "Laibnits". Bernhard Riemann wa integral uja ndi "Riiman". Lovutirapo ndi la Karl Weierstrass, chifukwa st wa pakatiyo amamveka sht. Liduleni pawiri, "Vaiya" kenako "shtras", ndipo mubwereze mpaka lilime litazolowera. Bernoulli, banja la akatswiri la ku Basel komweko, ndi "Bernuli".

Chifalansa ndiye chimatipusitsa kwambiri ife oyankhula Chichewa, chifukwa kwathu lembo lililonse lolembedwa limatchulidwa. Kwa iwo h samveka, ndipo malembo ambiri a kumapeto amangokhala chete. Pierre de Fermat ndi "Ferma", René Descartes ndi "Dekart", ndipo Michel Rolle ndi "Rol", popanda e. Pa Augustin-Louis Cauchy maso athu amaona ch wa chala, n'kutulutsa "Kauchi". Ayi ndithu: au ndi o, ch ndi sh, ndiye kuti "Koshi". L'Hôpital ndi "Lopital". M'mabuku ena mudzapeza alemba L'Hospital. Ndi munthu yemweyo, amene anatulutsa buku loyamba lophunzitsira calculus mu 1696. Ameneko ndi kalembedwe kakale, s ameneyo satchulidwa, ndipo kachizindikiro ka pamwamba pa o kanalowa m'malo mwake. Lagrange amathera ndi liwu lofanana ndi zy wa kuzyolika, ndipo an wake amatulukira m'mphuno.

Pali zinthu ziwiri zochokera m'Chichewa chathu zoti muzisamale. Choyamba ndi l ndi r. Kwa ife ndi liwu limodzi, ndipo mawu athu sayamba ndi r, motero Rolle amasanduka "Lolo" mosavuta. Simukufunika r wa pakhosi wa Afalansa. Gwedezani nsonga ya lilime pang'ono kuti womva asiyanitse, basi. Chachiwiri ndi lembo la liwu limene timawonjezera kumapeto. Kunena "Lopitali" sikulakwa kwenikweni, chifukwa Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, apa ta, pomwenso Afalansa amatsindika. Koma pa mayina a Chijeremani chizolowezichi chimasokoneza. Iwo kawirikawiri amatsindika phatikizo loyamba, ndiye mukanena "Laibinitsi" mphamvu imasamukira pa ni ndipo dzinalo limamveka lachilendo. Kwezani Lai, zotsalazo zidutse mofulumira.

Ife tikuona kuti nkhaniyi si yaing'ono. Mudzamvera maphunziro a pa intaneti, mwinanso kudzayankhula pamsonkhano wa akatswiri, ndipo mukamva "Oila" muyenera kudziwa nthawi yomweyo kuti akunena Euler wa m'buku lanu. Tsegulani tsamba lomaliza la kope lanu, mulembe dzina, dziko la mwini wake ndi katchulidwe kake m'malembo a Chichewa. Koma katchulidweko kathere m'kopemo: pamayeso lembani Cauchy, Leibniz ndi Weierstrass monga amalembedwera m'mabuku.