Makapu a ku Hagi amatero, musawaviike mu Jik

Achemwali, Jik uja mubwezereni kaye pamene mwamutenga. Mwati mlongo wanu anakubweretserani makapu awiri a tiyi opanda zogwirira kuchokera ku Japan, kapepala ka m'bokosi mwake kalembedwa kuti Hagi, ndiye pano m'kati mwatuluka timizere toderako ngati ang'aluka, komanso mukathiramo tiyi kunsi kumanyowa mpaka kusiya chidindo patebulo. Mukufunsa ngati anamugulitsa zowonongeka. Ayi ndithu. Makapu a ku Hagi amatero, ndipo anthu owadziwa amawagulira zomwezo.

Hagi ndi tauni ya m'chigawo cha Yamaguchi, kumadzulo kwenikweni kwa chilumba cha Honshu. Luso loumba kumeneko linayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, ndi amisiri a ku Korea amene anatengedwa pa nkhondo zimene Toyotomi Hideyoshi, wolamulira Japan nthawi imeneyo, anachititsa m'dziko lawo pakati pa 1592 ndi 1598. Mori Terumoto, yemwe ankalamulira deralo, anawasunga kuti aziumba ziwiya zomwera tiyi. Dothi limene amagwiritsa ntchito ndi lamchengamchenga, ndipo ngakhale lipse silitsekana n'kulimba gwa ngati mbale zoyera za m'sitolo. Limatsala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Pamwamba amakutapo utoto umene umasungunuka pamoto n'kukhala ngati galasi. Kapu ikamazizira, utotowo umafota kuposa dothi la pansi pake, ndiye umang'aluka ting'onoting'ono paliponse. Timing'alu timeneti timakhalapo kuyambira tsiku limene kapu yatuluka mu uvuni, kungoti simunkationa. Tiyi ndi amene walowamo n'kutidetsa. Pakapita zaka mtundu wonse wa kapu umasintha, yoyera ija n'kuyamba kufiirira, ndipo ku Japan kapu yotero amaiona yokongola kuposa yatsopano. Jik angafufute zonsezo, komanso angalowe m'dothimo n'kumatulukira mu tiyi wanu.

Kunyowa kwa kunsiko n'chimodzimodzi ndi mtsuko watsopano umene umachita thukuta mukathiramo madzi. Kawirikawiri kumasiya kokha mukamamwera tsiku ndi tsiku, chifukwa tiyi yemweyo amatseka timabowo tija. Ngati kukukuvutani, phikani phala la mpunga lamadzimadzi kwambiri, lizizireko pang'ono, mudzaze makapuwo n'kuwasiya usiku wonse. M'mawa tsukani bwinobwino ndi madzi ofunda, muumitse. Mukaona kuti sikunathe, bwerezani. Ena amawiritsa makapuwo m'madzi otsukira mpunga, ndipo zimagwira. Mukasankha njira imeneyo yalani kansalu pansi pa poto, muyambe ndi madzi ozizira, moto ukhale wochepa kuti makapu asamagundane, ndipo muwasiye azizirire momwemo. Kuwavuula ali otentha n'kuwaika pampopi ndiye kuwaswa.

Mng'alu weniweni suvuta kuuzindikira. Umakhala umodzi, wautali, nthawi zambiri umayambira pamlomo wa kapu n'kutsika, umaoneka m'kati ndi kunja pamalo amodzimodzi, ndipo chikhadabo chimakodwa mukachidutsitsa pamenepo. Zomwe mwafotokozazi si zimenezo.

Musanathire tiyi, dzazani kapu ndi madzi ofunda kwa mphindi zingapo, mutaye. Dothi likamwa madzi kaye, tiyi salowa mwamphamvu, ndiye mtundu umasintha pang'onopang'ono mofanana m'malo mochita mathothomathotho. Mukamaliza kumwa tsukani pompopompo ndi siponji yofewa. Sitiliwulu ayi, phulusa kapena mchenga ayi. Sopo wotsukira mbale ngati mwamufuna akhale kadontho, mutsukuluze msanga. Chimene simuyenera kuchita n'kuwaponya m'beseni la madzi a mbale zodyera nsima ndi ndiwo kuti mudzatsuke madzulo, chifukwa amamwa madziwo, ndipo mawa tiyi adzamveka fungo la usipa. Makina otsukira mbale ndi mayikulowevu apeweninso.

Koma chimene chimawononga makapu ambiri otere ndi kuwasunga asanaume. Kapu ikhoza kuoneka youma mwaipukuta, pamene m'kati mwa dothi mudakali madzi. Mukaiika m'kabati n'kutseka, makamaka m'dzinja, pakatha sabata mupeza madontho akuda a nkhungu kunsi kwake ndi fungo la chinyezi lomwe silichoka msanga. Mukapukuta, ivundikireni mopendeketsa pathandala pamalo opita mphepo, kunsi kuyang'ane kumwamba, poti mbali imeneyo ilibe utoto ndipo chinyezi chimatulukira kumeneko. Ngati mukufuna kuwabwezera m'bokosi kwa nthawi yaitali, akhale panja masiku angapo kaye. Nkhungu ikayamba kale, awiritseni m'madzi okhaokha mosamala monga ndanenera, kenako aume mokwanira.

Pali nkhani ina yomwe mwina simuikonda. Tiyi wathu uja wa mkaka ndi masupuni atatu a shuga, ine ndikuti musamwere m'makapu amenewa. Anaumbiridwa tiyi wobiriwira wopanda kanthu, amene amathiridwa madzi a madigiri 70 mpaka 80, ndipo alibe zogwirira: ngati kapu ikuwotcha zala ndiye kuti tiyinso ndi wotentha kwambiri. Tiyi wakuda wa ku Thyolo kapena Mulanje wopanda mkaka palibe vuto, kungoti amadetsa msanga. Mkaka ndiye mafuta ake amalowa m'timabowo tija, amasasa momwemo, ndipo kutsuka sikuwafikira. Akanakubweretserani makapu a ku Arita, oyera olimba aja amene anayamba kupangidwa m'chigawo cha Saga cha m'ma 1616, bwenzi ndikuti thiranimo chilichonse, poti amenewo samwa madzi. A ku Bizen, omwe sapakidwa utoto uliwonse koma amawotchedwa ndi nkhuni za paini kwa masiku 10 kapena kuposa, ndi olimba kuposa a ku Hagi, komabe nawonso amagwira fungo.

Tsiku lina kapu ikadzabenthuka, musadzaimate ndi supagulu n'kupitiriza kumwera. Ku Japan amamata ndi utomoni wa mtengo wa urushi n'kuwaza ufa wa golide pamwamba, luso lotchedwa kintsugi, koma ndi ntchito ya masabata angapo ndipo utomoniwo ukadali wauwisi umayabwa koopsa pakhungu. Sungani zidutswazo mpaka mutapeza wodziwa.

Mwatchulanso kuti imodzi ndi yokulirapo kuposa inzake. Sanalakwitse poumba, ndi mmene amagulitsira makapu a banja, yaikulu ya bambo, yocheperako ya mayi. Mukatembenuza n'kupeza kuti mkombero wa kunsi ndi wodulidwa penapake ngati wabenthuka, nawonso ndi dala, makapu ambiri a ku Hagi amakhala otero. Mkomberowo ukamakanda tebulo, upaleni pang'ono ndi sandipepala wosalala. Bokosilo ngati lili lamatabwa musakolezere moto, chifukwa nthawi zambiri woumba amalemba dzina lake pachivundikiro n'kudindapo chidindo chofiira. Jambulani zilembozo muike pano, mwina pagulu pathu pali wodziwa Chijapani atiwerengere.